Mtokoma Uli Panjira



Chaka chathachi mlongo wanga, amene amasoka zovala pa khonde la sitolo ina m'tauni, anaitanitsa kachitsulo ka makina ake osokera kudzera pa intaneti. Ndalama analipira tsiku lomwelo, ndipo wogulitsayo, amene ali ku China, anamutumizira nambala yoti azilondolera nayo katunduyo pa foni. Kwa masiku 9 nambalayo inkanena zoona zokhazokha: katundu wanyamuka, wakwera ndege, wasintha ndege, wafika m'dziko muno. Kuchokera pamenepo inangoti zii. Mlongo wangayo anayenda m'maofesi, uku akumuuza kuti apite uko, uko akumubweza kuno, ndipo yankho linali limodzi: mtokoma wanu uli panjira. Pamene kachitsuloko kanapezeka, patatha masabata 6, kanali pa alumali m'chipinda china, mtunda wosakwana makilomita 4 kuchokera pa khonde pamene makina aja anali chikhalire. Nthawi imeneyo nkuti ntchito yosoka mayunifolomu a ana a sukulu, imene ankaidalira chaka chimenecho, itapita kwa telala wina. Paphukusipo panali dzina lake, dzina la dera lake, ndi mawu akuti "kuseri kwa chigayo". Nambala ya foni inali itafufutika.

Funso limene ndifuna tilingalire pamodzi ndi ili: kodi zimatheka bwanji kuti katundu aoloke nyanja ndi maiko m'masiku 9, koma nkulephera kuyenda makilomita 4 m'masabata 6? Yankho lake silili mu intaneti ai. Lili m'mbiri ya positi ya dziko lino.

Positi ya boma inayamba mu 1891, chaka chimene Angerezi anakhazika ulamuliro wao kuno, Harry Johnston atakhala pa Zomba. Isanafike nthawiyo mafumu anali ndi amithenga ao osunga mawu pamtima, pamene makalata a azungu ankayenda m'manja mwa amishoni ndi a kampani ya African Lakes, imene tonse timaidziwa ndi dzina lakuti Mandala. Kalata yochokera ku London inkabwera pa sitima yaikulu mpaka pa Chinde, pamene mtsinje wa Zambezi umathirira m'nyanja ya mchere. Pamenepo ankaisamutsira m'sitima zazing'ono zokwera Zambezi ndi Shire mpaka pa Chiromo, kapena kupitirira mpaka kwa Katunga ku Chikwawa, ndipo kuchokera kumeneko inkakwera mapiri a ku Blantyre pamutu pa munthu. M'chilimwe madzi a Shire akaphwera, sitima zinkatitimira pamchenga masiku ambiri, makalata ali momwemo. Munthu akalemba kalata ankawerenga miyezi asanaone yankho.

Boma lenilenilo nalo linalawa kuwawa kwa kudikira. Mu 1898 masitampa a kobiri imodzi anatha, atsopano asanafike kuchokera ku Mangalande, kotero kuti akuluakulu a positi anachita kutenga zidindo zimene zinali za macheke nazisandutsa masitampa a makalata oyenda m'dziko momwemuno. Amene amasonkhanitsa masitampa akale amawafunafuna mpaka lero. Ife tingoti, woyamba kudandaula kuti katundu woitanitsa wachedwa anali mwini wake wa positi.

M'kati mwa dziko ntchito yonse inali pamapazi a amtengatenga. Mu 1893 kunabwera Ernest Harrhy kuchokera ku positi ya ku Cape Town, ndipo anakonza zakuti anthu onyamula makalata azilandirana matumba pamalo oikika, wina akatopa mnzake apitirize. Amuna amenewa ankayenda usana ndi usiku, mvula ndi dzuwa, kuoloka mitsinje yodzaza ndi kudutsa m'nkhalango za mikango. Mukamayenda pa mseu wa Blantyre kupita ku Zomba, pa Namaka pali kanyumba kamene ankapumiramo, ndipo kanasungidwa kuti kakhale chikumbutso chao. Nkoyenera kuwalemekeza, pakuti maina ao ambiri anaiwalika pamene maina a mabwana ao analembedwa m'mabuku.

Koma taonani kumene ulendo wa mtengatenga unkathera. Ankatula thumba lake pa boma, pa mishoni, pa esiteti kapena pa sitolo ya kampani. Sankapita nalo pakhomo pa munthu. Positi imeneyi inakonzedwera adisi, ansembe ndi abusa, azungu a minda ndi amalonda, anthu amene aliyense ankadziwa pamene amakhala, ndiponso amene anali ndi wantchito womutuma kukatenga makalata. Za nyumba ya munthu wamba kumudzi panalibe amene anaziganizira.

Zaka zotsatira zinafupikitsa njira yaitali ija. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908. Mu 1922 inalumikizana ndi doko la Beira, chinkana pa Zambezi katundu ankaolokabe pa sitima ya pamadzi mpaka mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935, chaka chomwenso njanji inafika ku Salima. M'zaka zomwezo za m'ma 1930 makalata anayamba kubwera pa ndege. Mu 1951 sitima ya Ilala inayamba kuyenda pa nyanja yathu, kutula matumba m'madoko ndi pa zilumba. Miyezi inasanduka masabata, masabata nasanduka masiku. Chimene sichinasinthe ndi mathero a ulendo: bokosi la pa positi ofesi, lokhala ndi nambala ndi kiyi wake.

Nanga makolo athu analowa bwanji m'dongosolo limene silinawakonzedwere? Analowamo kudzera m'sukulu ndi m'maulendo a kukafuna ntchito. Anyamata zikwizikwi anapita ku migodi ya ku Joni ndi Wenela, ena ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ena ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia, ndipo anafuna kutumiza kwao kalata, ndalama, bulangete kapena nsalu ya mayi. Popeza mayiyo analibe bokosi, envulopu inkalembedwa dzina lake, kenaka dzina la sukulu kapena la mpingo umene unali ndi bokosi. Akatswiri a ziyankhulo amati mawu athu akuti keyala anachokera pamenepa, ku mawu a Chingerezi akuti care of, otanthauza kuti kalata iperekedwe m'manja mwa uje kuti iyeyo akapatse mwini wake. Mawu amodzi amenewa asunga mbiri yonse. Kwa ife keyala sinakhalepo malo, koma munthu wokudziwa.

Achikulire amene akumvetsera akukumbukira momwe zinkakhalira. Aphunzitsi akulu ankatuma mwana panjinga kukatenga makalata pa positi, ndipo maina ankaitanidwa pa bwalo la sukulu kapena Lamulungu mapemphero atatha. Amene sankadziwa kuwerenga ankapempha mwana wa sukulu kuti awawerengere, chinsinsi cha banja nkukhala cha mudzi wonse.

Ngakhale kugula chinthu chimene sunachione ndi maso sikunayambe ndi intaneti. Aphunzitsi ndi makalaliki a nthawi ya atsamunda ankabwerekana mabuku a zithunzi za malonda ochokera ku masitolo a ku Mangalande. Munthu ankasankha suti, nsapato kapena wotchi, nagula positi oda, natumiza, nayamba kudikira. Patapita miyezi kunkabwera kapepala komuitana kuti akalipire msonkho wa kasitomu, ndipo nthawi zina potsegula phukusi ankapeza nsapato zothina zimene sakanatha kuzibweza. Madandaulo amene timamva lero, akuti katundu wachedwa, wasowa, wabwera wosiyana ndi wa pachithunzi, kapena wafuna msonkho umene wogula sanauyembekeze, agogo athu anawadandaula kale. Nchifukwa chake ankakonda kunena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, linalowa m'bungwe la positi la maiko onse, la Universal Postal Union, mu 1966. Bungweli linakhazikitsidwa ku Bern mu 1874 pa mfundo yakuti dziko lililonse lifikitse makalata a anzake monga ake omwe. Mfundoyo ndiyo imene imachititsa kuti kaphukusi kochokera ku China kalowe m'manja mwa positi yathu. Koma dziko lopanda doko limadalira mtendere wa anansi ake. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, ndipo katundu wa panyanja anayamba kuzungulira njira zakutali za ku Durban ndi ku Dar es Salaam. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unaimitsa ndege kwa miyezi ingapo, mitokoma niunjikana m'maiko a eni.

Pakati pa zaka zimenezi positi inasinthanso maonekedwe. Lamulo la 1998 linakhazikitsa bungwe la MACRA, ndipo linatsegula njira yakuti ntchito za makalata zilekane ndi za lamya. Posakhalitsa foni ya m'manja inalanda malo a kalata, ndipo kutumiza ndalama pa foni kunalanda malo a positi oda. Motero ndalama zimene zinkayendetsa positi zinachepa pa nthawi yomwe mitokoma inayamba kuchuluka, pakuti Amazon ndi eBay anayamba malonda ao mu 1995, AliExpress mu 2010, ndipo munthu wa ku Mzuzu kapena ku Mangochi anatha kugula ku sitolo ya kutsidya kwa nyanja ali chikhalire pamkeka.

Apa ndipo pakumana zakale ndi zatsopano. Tsamba limene wogula amadzaza pa intaneti limafunsa nambala ya nyumba, dzina la mseu ndi nambala ya dera, chifukwa linakonzedwera maiko amene wa positi amagogoda pachitseko. Ife tili ndi keyala yodalira munthu wokudziwa. Kumudzi imagwira ntchito, pakuti aliyense amadziwa mnzake. Koma ku Ndirande, kwa Mtandire kapena ku Kawale, kumene anthu a lendi amasamuka chaka ndi chaka, aphunzitsi akulu aja kulibe. Wogula amangolemba kuti "pafupi ndi msika", ndipo wonyamula katundu amene alibe foni yake yolondola alibenso poyambira. Sindikukana kuti pali ulesi m'maofesi ena, ndiponso manja aatali panjira. Koma ngakhale onse atakhala okhulupirika, mtokoma sungafike pakhomo lopanda dzina.

Anthu sanakhale manja lende. Makampani otumiza katundu amatiuza kuti tikatenge tokha pa ofesi yao. Mnyamata wa njinga yamoto amaimba foni nafunsa kuti tili pati, ife nkumulondolera ku mtengo wa mango. Ena amapereka keyala ya mbale amene ali ku Johannesburg kapena ku London kuti adzabweretse m'chikwama pobwera. Mukaonetsetsa, ameneyu ndi mtengatenga yemwe uja, ndipo iyi ndi keyala yomwe ija. A MACRA anayamba ntchito yopatsa maina miseu, manambala nyumba ndi manambala madera, ndipo ikadzafika pakhomo lililonse idzakhala itatsiriza chigawo cha ulendo chimene chinasiyidwa mu 1891.

Mlongo wanga akuitanitsabe zitsulo za makina ake, pakuti m'masitolo a kuno sizipezeka. Koma tsopano paphukusi amalembetsa bokosi la mpingo wake ndi manambala a foni awiri, monga momwe bambo athu ankalembera kalata ali ku Joni.