Mbuna: nsomba za m'miyala ya m'nyanja ndi malamulo a malonda ake

Pamisika ya ku Kawale, Biwi kapena Chinsapo anthu amadziwa chambo, utaka ndi usipa. Mbuna si ndiwo yodziwika kumeneko, ngakhale kuti nazonso zimafika mu Lilongwe. Zimachokera ku Salima zili zamoyo m'mapepala apulasitiki okhala ndi madzi ndi mpweya, kudutsa kufupi ndi Kanengo ndi Area 25, pa ulendo wa ku bwalo la ndege la Kamuzu. Kunja anthu amaziweta m'magalasi chifukwa cha kukongola kwake.

Mbuna ndi tinsomba tokhala m'miyala ya m'nyanja ya Malawi. Yaikazi imafungatira mazira ndi ana m'kamwa, ndipo nsombazi siziwoloka mchenga kapena madzi akuya. N'chifukwa chake mtundu wina umapezeka pa thanthwe limodzi lokha padziko lonse. Ukatha pamenepo, watheratu.

Mtundu wa saulosi ndiwo umboni. Kwawo n'ku thanthwe la Taiwanee, kufupi ndi chilumba cha Chizumulu. Yaimuna imakhala yobiriwira ngati thambo, ya mizere yakuda, pomwe yaikazi ndi yachikasu. Ogula a kunja ataikonda, inagwidwa mopyola muyeso, moti bungwe la IUCN linaiika m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutha. Pofuna kuipulumutsa, akatswiri anayamba kuiswetsa m'mathanki n'kumabwezera ana ake ku Taiwanee komweko.

Chitetezo cha boma chili pawiri. Paki ya Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndi kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984, imaletsa usodzi pa mtunda wa mamita 100 kuchokera kugombe lake. Lamulo la za usodzi la 1997 nalo limafuna kuti wochita malondawa akhale ndi chiphaso cha nthambi ya za usodzi. Koma Taiwanee ali kutali ndi pakiyo, ndipo kulondera thanthwe la pakati pa nyanja kumalira bwato ndi mafuta.

Kusunga ndi kuweta nakonso kuli ndi ngozi yake nsomba zikatayidwa malo osakhala kwawo. M'zaka za m'ma 1960 wamalonda wina anasiya mbuna za kumpoto pa chilumba cha Thumbi West, ku Cape Maclear. Ofufuza anadzapeza kuti mtundu wa afra unaswana ndi wa zebra umene unali kale pamalopo. Kusakanikirana kotere sikubwezeka.

Maiko a nyanja zamchere ali pa vuto lofanana ndi coral, tizamoyo timene timamanga matanthwe pansi pa madzi. Indonesia inaimitsa kutumiza coral kunja mu 2018, ndipo mu 2020 inalola wolimidwa yekha. Chovuta kumeneko n'chomwechonso pa bwalo la Kamuzu: wa kasitomu akatsegula bokosi, sangasiyanitse ndi maso nsomba yobadwira m'thanki ndi yogwidwa pa thanthwe, amangodalira mapepala.