Zowonjezera za m'magemu: ndi ziti zoyenera kutulutsira kwacha yanu?

Masiku ano kugula gemu sikutanthauza kuti wagula yonse. Ukangoiyatsa, kaya pa PlayStation kaya pafoni, pamatulukira kauthenga koti pali womenya nkhonya wina amene watsekeredwa, pali jezi yatsopano, pali dera lina la nkhaniyo limene sungapondeko pokhapokha utalipira. Zimenezi ndi zomwe osewera amazitcha DLC, zowonjezera zimene umachita kudawuniloda pa intaneti gemuyo uli nayo kale. Mafunso a nkhaniyi ndimawamva kwa eni tizipinda ta magemu ku Ndirande ndi ku Bangwe, kwa anyamata a Free Fire ku Machinjiri, ngakhalenso kwa makolo odabwa kuti ndalama yapita kuti. Ndiye ndati ndiike zimene ndikudziwa pamalo amodzi, wofuna kugula ayambe wawerenga.

Maganizo anga ndi awa: zowonjezera zabwino zilipo koma n'zochepa, ndipo kwa ife kuno ku Blantyre mtengo wake weniweni si umene umaoneka pasikirini.

Malondawa si achilendo. Mu 2006 kampani ya Bethesda inagulitsa zovala zankhondo za hatchi mu gemu ya Oblivion pa mtengo wa $2.50, ndipo osewera anaseka kwambiri kuti ndani angagule zinthu zopanda ntchito chotere. Anthu anagula. Kuchokera pamenepo makampani anaona kuti ndalama siithera pa chimbale, ndipo lero magemu ambiri, makamaka a pafoni, amaperekedwa ulere dala kuti phindu lidzachokere m'tinthu togula mkati.

Si zonse zili zofanana

Mtundu umene ndimaulemekeza ndi wa zowonjezera zikuluzikulu, zimene zimabweretsa nkhani yatsopano, malo atsopano ndi maola ambiri osewera. Chitsanzo chodziwika ndi The Witcher 3, imene inalandira Hearts of Stone mu 2015 ndi Blood and Wine mu 2016. Yachiwiriyi payokha ndi yaitali kuposa magemu ena athunthu. Cyberpunk 2077 inalandira Phantom Liberty mu September 2023 pa $29.99, ndipo Elden Ring inalandira Shadow of the Erdtree mu June 2024 pa $39.99. Izi ukagula umaona chimene wagula, ndipo ukadawuniloda kamodzi umasewera ngakhale bandulo itatha.

Koma pali misampha iwiri imene wogulitsa sadzakuuzani. Phantom Liberty siigwira pa PS4, imafuna PS5, Xbox Series kapena kompyuta yamphamvu, pamene makina ochuluka m'makomboni mwathu muno ndi PS4 ndi PS3. Shadow of the Erdtree nayo siitseguka mpaka utagonjetsa adani awiri ovuta, Radahn ndi Mohg, mu gemu yoyambayo. Ngati Elden Ring munaisiya pakati chifukwa inakukanikani, ndalama yanu idzangokhala m'makinamo ngati katundu wa m'sutikesi yotayika kiyi.

Mtundu wina ndi wa anthu owonjezera ndi zovala. Mortal Kombat 11, imene inatuluka mu 2019, inagulitsa padera omenya ngati Shang Tsung, Terminator, Joker, Spawn, RoboCop, Mileena ndi Rambo. Awa amasintha kaseweredwe. Zovala zokha, zimene anyamata amati ma skin, sizisintha kanthu: mfuti yopakidwa golide mu PUBG Mobile imaombera chimodzimodzi ndi ya mnzako amene sanalipire. Ndi zotchenera basi. Sindikunyoza kutchena, tonse timagula nsapato pa kaunjika chifukwa chooneka bwino, koma nsapatoyo ukaitopa umatha kugulitsa kapena kupatsa mng'ono wako.

Mtundu wachitatu ndi ndalama za m'gemu momwemo: FC Points, ma coin a eFootball, ma diamond a Free Fire, UC ya PUBG Mobile, CP ya Call of Duty Mobile. Apa ndi pamene pamathera ndalama zambiri, ndipo ndibwererapo.

Mtengo wake ukafika kuno

Tiyambe ndi masamu. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Pa mtengo wa kubanki wa mu 2024, pafupifupi K1,750 pa dola imodzi, chowonjezera cha $39.99 chinkakwana K70,000. Kumbukirani kuti mu 2024 malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa anali K90,000 pamwezi. Ndipo uwo ndi mtengo wa kubanki, kumene dolayo siipezeka mwachisawawa. Makhadi a Visa ndi Mastercard akuno ali ndi malire pa zogula za kunja, nthawi zina amangokana.

Vuto lina ndi loti PlayStation Store ilibe Malawi pa mndandanda wa mayiko ake. Aliyense amene ali ndi akaunti kuno anailembetsa ngati ali ku South Africa, ku UK kapena ku America. Ndiye njira imene ambiri amatsata ndi yogula makodi a gift card kwa anthu a pa WhatsApp ndi Facebook, kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Anthu amenewa amawerengera dola pa mtengo wa kuseri, n'kuikaponso phindu lawo. Ena ndi okhulupirika, ena mukangotumiza ndalama nambala imasiya kupezeka. Amene muli ndi achimwene kapena alamu ku Joni, kuwapempha kuti akugulireni kodi ya ma rand m'sitolo n'kukutumizirani chithunzi chake ndiyo njira yosadula komanso yosaopsa, bola akaunti yanu ikhale ya South Africa. Kodi ya ma rand siilowa mu akaunti ya ku America.

Apa mpamene ambiri amalira, choncho mvetsetsani. Chimbale cha PS4 chimasewera pa makina aliwonse mosaona dziko, koma DLC imayenera kugwirizana ndi chigawo cha chimbalecho. Zimbale zimene zimagulitsidwa mu Limbe ndi m'tauni n'zosakanikirana, zina zinachokera ku South Africa ndi ku UK, zina ku America, zina ku Dubai. Mukagula chowonjezera pa akaunti ya South Africa pamene chimbale chanu ndi cha ku America, chidzadawunilodeka bwinobwino koma gemu siichizindikira. Pamsana pa kabokosi ka chimbale pali nambala yoyamba ndi CUSA, pa PS5 imayamba ndi PPSA. Musanalipire, ifufuzeni nambala imeneyo pa intaneti muone chigawo chake. Njira yachidule: kabokosi kokhala ndi chizindikiro cha zaka cha PEGI ndi ka chigawo cha ku Ulaya, chimene South Africa ilimo, pamene ka ESRB ndi ka ku America.

Kenako bandulo. Chowonjezera chachikulu chimatha ma gigabyte ambirimbiri, ndipo kawirikawiri gemu imayamba yafuna update isanachilandire, update imene ikhoza kukhala yaikulu kuposa chinthu mwagulacho. Yang'anani kukula kwake pa sitolo musanagule, muwerengere pa mtengo wa bandulo ya TNM kapena Airtel, muphatikize. Ndiye pali magetsi. Kusiya makina akudawuniloda usiku wonse, ESCOM n'kuthimitsa pakati, si nkhani yongoyambiranso chabe. PS4 ikazima mwadzidzidzi ikulemba zinthu pa hard disk imatha kudzuka ikudandaula kuti zina zawonongeka.

Ngati makina anu ndi aja oflashidwa, odzaza magemu oikidwa ndi akatswiri a pamsika, nkhani yogula pa sitolo ingoiwalani. Makina otere salowa pa PlayStation Network bwinobwino, ndipo Sony imatha kutseka akaunti pamodzi ndi zonse munagulamo.

Kwa inu a tizipinda ta magemu

Kwa mwini bizinesi funso ndi limodzi: kodi chinthuchi chibweretsa makasitomala? Mafana amene amadzaza benchi ku Zingwangwa Loweruka amabwera kudzamenyana awiriawiri pa mpira kapena pa Mortal Kombat, gemu ya mphindi zochepa, woluza n'kupereka padi. Kwa iwowa Blood and Wine ilibe ntchito, palibe angakhale maola makumi awiri akutsatira nkhani pa makina olipira. FC Points nazonso zilibe ntchito chifukwa mpira wa awiriwo suzifuna. Omenya owonjezera a Mortal Kombat okha ndi amene ndimaona kuti amakopadi, mwana akamva kuti kwa auje kuli Rambo ndi Terminator amapita komweko.

Ngakhale pamenepo musagule mmodzimmodzi. Makampani amadzatulutsa chimbale chophatikiza zonse: Mortal Kombat XL mu 2016, Mortal Kombat 11 Ultimate mu November 2020, The Witcher 3 Game of the Year Edition mu 2016. Chenjezo n'loti zimbale zina zotere zimakhala ndi zowonjezerazo pa chimbale penipeni, zina zimangokhala ndi kapepala ka kodi mkati. Kodi imagwira kamodzi. Mukamagula chogwiritsidwa kale ntchito, pemphani wogulitsa achiike m'makina muone ndi maso anu kuti anthu onse atseguka, netiweki ili yozimitsa. Akakana, dziwani kuti mukugula gemu wamba pa mtengo wa yathunthu.

Mapaketi a mwayi

Tibwerere ku mpira, chifukwa ndiwo gemu ya mzinda uno. Ultimate Team inayamba mu 2009 ngati chowonjezera cha FIFA 09, ndipo lero ndiyo mtima wa malonda a EA. Dzina la FIFA linatha ndi FIFA 23, kuyambira September 2023 gemuyi ikutchedwa EA Sports FC, koma kachitidwe n'komweko. Umagula ma point, ma point umagulira paketi, paketi umatsegula osadziwa muli ndani. Ukhoza kupeza katswiri, koma kawirikawiri umapeza osewera amene sunawamvepo. Kuyambira FC 24 osewera aakazi analowa mu Ultimate Team, ndipo mu FC 25 muli Tabitha ndi Temwa Chawinga, chinthu chimene chimandinyaditsa ngati Mmalawi. Koma wofuna Temwa mu timu yake sayenera kutsegula mapaketi mpaka atamupeza. Pali msika wa osewera mkati momwemo, kumene umagula munthu amene ukumufuna ndi ma coin opeza posewera. Zimatenga nthawi, sizitenga kwacha.

Chimene chimandipweteka pa Ultimate Team n'choti chaka chikatha zonse zimatha. Gemu yatsopano ikatuluka chakumapeto kwa September, osewera ako ndi ma coin ako sasamukira kumeneko, umayambiranso pa ziro. Ndalama ya chaka chatha inagula timu imene palibenso akupikisana nayo.

Kulipira ndalama yeniyeni kuti upeze chinthu mwamwayi tili nalo dzina lake m'Chichewa, ndi njuga. Si ine ndekha ndikutero. Mu April 2018 bungwe loona za njuga ku Belgium linagamula kuti mabokosi a mwayi otere ndi njuga, ndipo mu January 2019 EA inasiya kugulitsa FIFA Points m'dzikolo. Mawilo ozungulira a mu Free Fire ndi ma crate a PUBG Mobile amayenda mofananamo. Tikudandaula kale ndi mmene kubetcha kwalowerera achinyamata m'makomboni muno, ndiye mwana wa Sitandade 7 akazolowera kukoma kwa "mwina ulendo uno", mwamuphunzitsa kale njira ya ku shopu yobetchera.

Pa zonse za pafoni, chimene ndingachivomereze ndi battle pass, monga Royale Pass ya PUBG Mobile, chifukwa mndandanda wa mphoto umaoneka usanalipire. Komabe mphotozo umazipeza posewera pafupipafupi nyengoyo isanathe, kutanthauza bandulo ndi batire tsiku ndi tsiku. Ngati kwanu magetsi akuvuta, mulipira zonse n'kutolera theka.

Okonda Dream League Soccer, jezi ya Bullets kapena ya Manoma simuyenera kuigula kwa munthu. Gemuyo imalola kuika jezi ndi chizindikiro cha timu yanu kudzera pa link.

Makolo amene mumabwereka ana foni, lowani mu Google Play, pa Settings, muyatse zoti pa kugula kulikonse izifunsa pasiwedi kapena chala. Ngati khadi la kubanki munalisunga mmenemo, lichotseni. Vutoli si la ana akuno okha: mu December 2022 Epic Games, eni ake a Fortnite, anavomera kulipira $520 miliyoni ku America, ndipo $245 miliyoni mwa ndalamazo inali yobwezera anthu amene anagulitsidwa zinthu osafuna, kuphatikizapo zogulidwa ndi ana makolo osadziwa. Zikachitika, fulumirani kupempha kubwezeredwa. Google Play imamvetsera kwambiri m'maola 48 oyambirira. PlayStation Store imapereka masiku 14, koma pokhapokha ngati simunayambe kudawuniloda chinthucho, ndipo ngati munagula kudzera mwa munthu wa pa WhatsApp ndi akaunti yake, mulibe pokadandaula.

Izi zikundifikitsa pa malonda aja a "ndikuikirani pa akaunti yanga pa theka la mtengo". Chowonjezera chimamangirika ku akaunti imene inagula, osati ku makina anu. Mwini akauntiyo akasintha pasiwedi kapena kuisamutsira pa makina a kasitomala wina, zanu zimatsekeka ndi kachizindikiro ka loko. Ngakhale pa akaunti yanuyanu, chimene mumagula ndi chilolezo chosewera, ndipo gemu yodalira intaneti imakhala moyo pamene kampani ikufuna. Ubisoft inazimitsa ma seva a The Crew kumapeto kwa March 2024, ndipo onse amene anagula gemuyo ndi zowonjezera zake analephera kuiseweranso.

Amene mwatsimikiza kugula chowonjezera chachikulu, dikirani. PlayStation Store ndi Steam zimatsitsa mitengo kangapo pachaka, makamaka pa Black Friday kumapeto kwa November ndi nyengo ya Khirisimasi, ndipo zowonjezera zakale ngati za The Witcher 3 zimatsika kwambiri. Ikani chinthucho pa wishlist, malizani kaye gemu muli nayoyo, kodi ya ku Joni ifike November akuyandikira.