LIU LAKUTI "TASK" NDI MSONKHO WOBISIKA M'KATI MWAKE

Pa tchuthi chapitachi agogo anga aamuna anandipeza ndikulemba usiku. Nditawauza kuti aphunzitsi atipatsa "task", iwo anagwedeza mutu nati, "Mwana iwe, liu limenelo tinkalimva kwa kapitao ku minda ya tiyi. Kodi nawenso uli pa thangata?" Ndinaseka, koma nditabwerera ku koleji ndinalifufuza liulo, ndipo kuseka kunatha.

Liu limeneli linalowa m'Chingerezi cha m'ma 1300. Linachokera ku "tasque", Chifalansa cha kumpoto, chilankhulo cha anthu a ku Normandy amene anagonjetsa England mu 1066. Gwero lake ndi Chilatini, "taxare", ndiye kuti kuyesa mtengo wa chinthu. Kuchokera pamenepo panabadwa "taxa", ndipo m'kamwa mwa anthu zilembo zinasinthana malo, liu nkukhala "tasca". Choncho "task" ndi "tax", ntchito ndi msonkho, ndi ana a mimba imodzi.

Poyamba "task" inali msonkho weniweni woperekedwa kwa mfumu kapena mwini malo. Pambuyo pake inatanthauza ntchito imene wamkulu wakupimira, ndipo masiku ano ndi ntchito iliyonse yofunika kuimaliza. M'Baibulo la King James la 1611, akapitao amene ankazunza Aisraeli ku Igupto akutchedwa "taskmasters". Ku minda ya mpunga ya ku South Carolina, kapolo ankampimira "task" ya tsiku, monga momwe ife timapimira ndime.

Apa mpamene ndinamvetsa agogo. Liu lathu lakuti thangata linayenda njira yofanana. Kale linali kuthandizana pakati pa anansi, kapena kulimira mfumu. Azungu atatenga malo ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu, thangata inasanduka ntchito yokakamiza, yolipirira malo okhalapo. Inali imodzi mwa nkhanza zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915, ndipo inatha mu 1962.

Kwa Angerezi liu la msonkho linafewa nkukhala ntchito wamba. Kwa ife liu la chifundo linauma nkukhala goli. Agogo sanapite kusukulu, koma khutu lao linamva msonkho umene ine, ndi mabuku anga onse, sindinaumve. Ndikapitanso kumudzi ndikawapepesa chifukwa cha kuseka kuja.