Kuphwanya Mindandanda ya Manambala: Mbiri ya Njirayi ndi Funso la Chilankhulo kwa Changata

Kalembera wa chaka cha 1966 anaonetsa kuti anthu 14.5 pa 100 alionse m'Malaŵi ankalankhula Chilomwe pakhomo. Pofika m'kalembera wa 1998, chiŵerengerocho chinali chitatsikira pa 2.4, komabe m'chaka cha 2018 anthu 18.9 pa 100 alionse anadzitchula kuti ndi Alomwe. Mafunso a makalembera atatuŵa sanali ofanana ndendende, koma pa funso la chilankhulo cha pakhomo kapena la mtundu onse anamlola munthu kupereka yankho limodzi lokha. M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri ya masamu amene amatilola kumva mayankho ambiri kwa munthu mmodzi, ndipo chitsanzo chathu ndi dera la Mfumu Changata m'boma la Thyolo.

Dera limeneli linali la Amang'anja. Tiyi atayamba kubzalidwa ku Thyolo m'chaka cha 1908, eni minda anasoŵa antchito, ndipo anaŵapeza mwa Alomwe amene ankaoloka malire kuthaŵa msonkho ndi ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi ku Mozambique. Obwerawo analandira malo okhala posinthana ndi thangata. Sanabwere ndi chilankhulo chimodzi: kunali Akokhola, Amihavani, Atakhwani ndi ena, ngakhale boma la atsamunda linaŵaunjika onse pansi pa dzina lonyoza lakuti Anguru, dzina limene Lewis Bandawe ndi anzake analimbana nalo kuyambira mu 1943. M'munda wa tiyi kapitawo ankalamula m'Chinyanja, kusukulu ya mishoni namonso, ndipo msonkhano wa Malawi Congress Party wa 1968 utakhazikitsa Chicheŵa kukhala chilankhulo cha fuko, Chilomwe chinatsalira m'kamwa mwa agogo, pamaliro ndi kuchinamwali.

Tsono munthu wa kwa Changata tingamlembe bwanji? Tiyerekeze kuti tamfunsa zinthu 1,000: mawu amene amatchulira mbewu, abale ndi matenda, katchulidwe kake ka zilembo zina, chilankhulo chimene amapemphereramo ndi chimene amakalipiramo ana. Yankho lililonse tikalipatsa nambala, munthuyo asanduka mndandanda wa manambala 1,000, umene akatswiri a masamu amautcha vekita. Anthu 500 apereka tebulo la manambala 500,000, ndipo palibe diso lingaone kanthu m'menemo. Ntchito ndiyo kuphwanya tebulolo kuti tipeze nsanamira zoŵerengeka, mwina zitatu kapena zinayi, zimene zikuchirikiza kusiyana konseko.

Ganizo limeneli silinabadwire m'maphunziro a zilankhulo. Karl Pearson ku London, m'chaka cha 1901, anafunsa za mzere umene ungadutse pafupi kwambiri ndi madontho omwazikana. Mu 1904 Charles Spearman anaona kuti ana okhoza phunziro limodzi amakondanso kukhoza ena, ndipo anati pansi pa zonsezo pali nsanamira imodzi, nzeru yachibadwa. Harold Hotelling anaikonza njira ya Pearson mu 1933, kenaka mu 1936 Carl Eckart ndi Gale Young anatsimikiza mfundo imene zonse zatsamirapo: ngati tifuna tebulo losavuta lofanana kwambiri ndi lalikulu, tingosunga nsanamira zolemera zoyamba ndi kutaya zotsalazo. Koma masiku amenewo kuŵerengera kunali kwa pensulo ndi makina opukusa ndi dzanja, kotero kuti tebulo la mafunso makumi angapo linkadya masabata.

Chimene chinasintha zinthu si kompyuta yokha ayi, koma njira zosawononga nthaŵi. Cornelius Lanczos, mu 1950, anasonyeza kuti nsanamira zikuluzikulu zingapezeke pochulukitsa tebulo ndi mndandanda umodzi mobwerezabwereza, popanda kuliphwanya lonse. Gene Golub ndi William Kahan mu 1965 anapereka njira yodalirika yoliphwanyira lonse zolakwa zazing'ono za makina zisanaunjikane. Njira yoteroyo ili ndi mtengo wake: mbali zonse ziŵiri za tebulo zikakula kaŵiri, ntchito imakula kasanu ndi katatu. N'chifukwa chake nkhani ya Nathan Halko, Per-Gunnar Martinsson ndi Joel Tropp ya mu 2011 inalandiridwa ndi manja aŵiri, pakuti inaonetsa kuti kuchulukitsa tebulo ndi mindandanda yoŵerengeka yosankhidwa mwachisawawa kumagwira nsanamira zomwezo pamtengo wochepa.

Ife a zilankhulo tinaloŵa mochedwa. Jean Séguy, pomaliza mapu a zilankhulo za ku Gascony mu 1973, anangoŵerenga kuchuluka kwa mayankho osiyana pakati pa mudzi ndi mudzi unzake. Kwa zilankhulo zathu, Malcolm Guthrie anali ataika kale Chicheŵa pa N31 ndi Chilomwe pa P32, m'zigawo zosiyana. Mu 1999 Yvonne Bastin, André Coupez ndi Michael Mann anafalitsa ku Tervuren kuyerekeza kwa mindandanda 542 ya mawu 92, kutanthauza mapeyala 146,611. Ntchito yaikulu imeneyi inaŵapatsa mitengo ya chibale yosagwirizana, ndipo iwo sanabise. Ife tiona kuti mtengo wa chibale suyenera malo onga Thyolo, kumene nthambi zinalumikizananso.

Mbali ina, Scott Deerwester ndi anzake mu 1990 anaphwanya tebulo la mawu ndi zolembedwa, napeza kuti mawu ofanana tanthauzo amayandikana. Mu 2014 Omer Levy ndi Yoav Goldberg anaonetsa kuti njira ya word2vec, imene inatchuka chaka chapitacho, imachita ntchito yomweyi mobisika. Apa zilankhulo zathu zili ndi vuto lakelake. Makina amaona ndinaphika, anatiphikira ndi sadzaŵaphikitsa ngati mawu atatu achilendo, chonsecho tsinde ndi limodzi. Tebulo limatambalala, mabokosi ake ambiri n'kukhala opanda kanthu. Ngati zili tero ndi Chicheŵa chimene chili ndi manyuzipepala ndi Baibulo, nanga Chikokhola chimene sichinalembedwe kwenikweni?

Choncho chotilepheretsa kwa Changata si masamu. Tebulo la anthu 500 lija kompyuta ya m'ofesi ingaliphwanye madzi a tiyi asanaŵire. Chosoŵa ndi tebulolo. Kafukufuku wa Alfred Matiki ndi wa Edrinnie Kayambazinthu anatiuza kuti Chilomwe chikusiyidwa, ndipo Mulhako wa Alhomwe, umene unayamba kusonkhana ku Chonde mu 2008, wadzutsa chidwi chofuna kuchiphunzitsanso. Koma wokonza mabuku ayenera kudziŵa kuti ndi Chilomwe chiti chatsala, chatsala m'mawu a nkhani ziti, ndipo chili ndi anthu a msinkhu wanji.

Tiyeneranso kukumbukira msampha umene Spearman anagwamo, wopatsa nsanamira dzina ngati kuti ndi chinthu chogwirika. Nsanamira yoyamba imene ingatuluke kwa Changata tidzafulumira kuitcha Ulomwe, pamene mwina ikungoyeza zaka za woyankha, kapena kusiyana kwa wokhala m'nyumba za esiteti ndi wokhala kumudzi. Mwinanso ikuyeza wofunsa mafunsoyo, pakuti mayi amene anakula akusekedwa chifukwa cha chilankhulo chake sangachilankhule pamaso pa mlendo wonyamula mapepala. Pachifukwachi tipempha kuti pa pepala la munthu aliyense palembedwenso amene anafunsa, chilankhulo chimene anafunsiramo, ndi malo amene anakhala pofunsapo, kaya pakhonde, kaya pasikelo yoyezera tiyi.