Mfuti m'mkanjo wa mmonke: mabuku ofotokoza kumene Sri Lanka inapatukila

M'mawa wa pa 25 September 1959, nduna yaikulu ya dziko la Ceylon, a S.W.R.D. Bandaranaike, anali kulandila anthu pakhonde la nyumba yao mu Colombo. Pakati pa odikila panali mmonke wa Cibuda, Talduwe Somarama. Nduna itawelama kumupatsa ulemu, iye anasolola mfuti mu mkanjo wake n'kuiwombela. Inamwalila tsiku lotsatila. Panali patangopita zaka zitatu kucokela pamene amonke anayenda mudzi ndi mudzi kuuza anthu kuti avotele munthu yemweyu.

Lamulo loyamba la Mbuda aliyense n'lakuti asaphe camoyo. Nanga amonke analowa bwanji m'ndale mpaka kufika apa? Akatswili a mbili akhala akukangana pa funso limeneli, ndipo mabuku ao tikawaika pamodzi amasimba nkhani ya zaka zoposa 100.

Poyambila pabwino ndi buku la Kitsiri Malalgoda, Buddhism in Sinhalese Society 1750–1900, la mu 1976. Angelezi atalanda ufumu wa Kandy mu 1815, anasaina pangano lakuti adzateteza Cibuda. Amishonale anadandaula, boma linayamba kufutuka pang'onopang'ono, ndipo masukulu abwino anakhala m'manja mwa machalichi. Mwana wofuna nchito ya mu ofesi anali kuphunzila Cingelezi kwa anthu amene anali kunyoza cipembedzo ca makolo ake. Malalgoda aonetsa kuti poyamba amonke anali kulandila amishonale mwaulemu. Koma timapepala towanyoza titaculuka, anapeza makina aoao osindikizila mu 1862 n'kuyamba kuyankha.

Mu August 1873, m'tauni ya Panadura, mmonke wakuthwa pakamwa Migettuwatte Gunananda anatsutsana poyela ndi m'busa wa Methodist, David de Silva, pamaso pa anthu masauzande. Abuda anabwelela kwao ali otsimikiza kuti apambana. Nkhaniyo inasindikizidwa m'Cingelezi n'kufika ku America, kumene inawelengedwa ndi Henry Steel Olcott, msilikali wakale. Mu 1880 Olcott ndi mnzake Helena Blavatsky anafika padoko la Galle n'kulandila malamulo asanu a Cibuda poyela. Olcott analemba katekisimu ya Cibuda mu 1881, anathandiza kutsegula masukulu monga Ananda College mu 1886, ndipo mu 1885 Abuda anapeza mbendela yao komanso chuti ca boma pa tsiku la Vesak.

Onani zida zimene anagwilitsa nchito: katekisimu, sukulu, nyuzipepala, mabungwe. Zonsezi anatengela kwa amishonale amene anali kulimbana nao. N'cifukwa cake Gananath Obeyesekere anacha gululi Cibuda ca Cipulotesitanti, kutanthauza kuti linali kutsutsa Akhristu koma n'kumatsanzila macitidwe ao. Mfundoyi anaifutukula pamodzi ndi Richard Gombrich m'buku lao la mu 1988, Buddhism Transformed.

Munthu amene ali pakati pa nkhani yonseyi ndi Don David Hewavitarne, wobadwa mu 1864, mwana wa wamalonda wolemela wa mipando. Anaphunzila m'masukulu a mishoni, anagwila nchito ndi Olcott, kenako anataya dzina lacizungu n'kudzicha Anagarika Dharmapala, wopanda nyumba woteteza ciphunzitso. Mu 1891 anafika ku Bodh Gaya ku India, kumene Buddha anaunikilidwa, n'kupeza malowo ali m'manja mwa wansembe wa Cihindu. Anayambitsa bungwe la Maha Bodhi Society kuti awawombole, ndipo mu 1893 anakalankhula pamsonkhano wa zipembedzo ku Chicago. Kwao anali kuyenda pangolo ya ng'ombe, kudzudzula anthu cifukwa ca mowa, kudya nyama ya ng'ombe ndi kutengela maina ndi zovala za azungu. Anthu amene anazolowela kunyozeka anayamba kuyenda mutu uli m'mwamba.

Koma ulaliki wakewo unali ndi mbali ina. Anali kuphunzitsa kuti cisumbuco ndi ca Asinhala acibuda, ndipo analemba mau oipa kwambili onena za amalonda acisilamu. Mu 1915 kunabuka cipolowe ca Asinhala ndi Asilamu. Angelezi anacithetsa mwankhanza, Dharmapala anatsekelezedwa ku Calcutta, ndipo m'bale wake Edmund anafela m'ndende ku Jaffna. Dharmapala anamwalila ku Sarnath mu 1933, ufulu usanafike.

Amene anapitiliza ndi amonke acinyamata. Mu 1946 Walpola Rahula anatulutsa kabuku m'Cisinhala kamene m'Cingelezi kamachedwa The Heritage of the Bhikkhu. Mfundo yake inali yakuti mmonke sayenela kungokhala m'kacisi, cifukwa kuyambila kale amonke anali kulangiza mafumu ndi kutumikila mtundu. H.L. Seneviratne, m'buku la The Work of Kings la mu 1999, anatsatila kumene mfundoyi inapita. Iye aona mitsinje iwili yocokela kwa Dharmapala. Amonke a sukulu ya Vidyodaya analimbikila citukuko ca kumidzi, pamene a ku Vidyalankara anatsata ndale za mtundu ndi cinenelo. Mtsinje waciwiliwu ndiwo unasefukila.

Ufulu unabwela mu 1948. Mu 1956, caka cokumbukila zaka 2,500 za Cibuda, komiti ya Abuda inatulutsa lipoti lodandaula kuti cipembedzo cao cinapelekedwa. A Bandaranaike anapambana masankho, ndipo lamulo linakhazikitsa Cisinhala kukhala cinenelo cokha ca boma. Kwa mnyamata wacisinhala wakumudzi amene sanadziwe Cingelezi, citseko cinatseguka. Kwa Mtamil, citseko comweco cinatsekeka. Nduna itayesa kugwilizana ndi mtsogoleli wa Atamil, S.J.V. Chelvanayakam, amonke anakhala pansi pakhomo pake mpaka inang'amba panganolo mu 1958. Caka cotsatila inaphedwa, ndipo khoti linapeza kuti ciwembuco cinakonzedwa ndi mkulu wa kacisi wa Kelaniya, Mapitigama Buddharakkhita, amene kale anali kuicilikiza.

Malamulo aakulu a mu 1972 anasintha dzina la dziko kukhala Sri Lanka n'kupatsa Cibuda malo oyamba. Mu July 1983 magulu a anthu anapha Atamil ndi kutentha nyumba zao mu Colombo, ndipo nkhondo inayaka mpaka May 2009. Zigawenga za Tamil Tigers nazonso zinacita zoopsa: zinapha anthu ku Anuradhapura mu 1985, zinathamangitsa Asilamu kumpoto mu 1990, ndipo zinaphulitsa bomba pakacisi wa Dzino la Buddha ku Kandy mu 1998. Nkhondo ili mkati, Stanley Tambiah wa ku Harvard anatulutsa Buddhism Betrayed? mu 1992. Pacikuto panali cithunzi ca mmonke akulankhula mwaukali. Ambili anakwiya, ena asanaliwelenge n'komwe, ndipo bukulo linaletsedwa ku Sri Lanka.

Mabuku atsopano amaticenjeza kuti tisathamangile kuweluza. Anne Blackburn, mu Locations of Buddhism ya mu 2010, anatsatila moyo wa mmonke Hikkaduwe Sumangala n'kupeza kuti nkhawa zake zambili zinali za mwambo wa amonke ndi ubale wao ndi Siam ndi Burma, osati azungu okha. Steven Kemper, mu Rescued from the Nation ya mu 2015, anawelenga mabuku a tsiku ndi tsiku a Dharmapala n'kuonetsa kuti zaka zambili za ukulu wake anakhala kunja, mtima uli ku India ndi ku dziko lonse.

Zimene Kemper anapezazi sizifafaniza zimene Dharmapala analemba zokhudza Asilamu. Madandaulo a Abuda pansi pa atsamunda anali enieni, ndipo masukulu amene anamanga akali kuphunzitsa ana mpaka lelo. Colakwika cinali kuganiza kuti ulemu wa ambili ungabwezedwe mwa kucotsa cinenelo ca ocepa mu ofesi ya boma. Lamulo la mu 1956 linakonzedwa mu 1987, pamene Citamil cinavomelezedwa kukhala cinenelo ca boma. Apo n'kuti nkhondo ili m'caka cake cacisanu.