Anyamata athu amene anapita ku Burma

Adzukulu anga, mukakwera minibasi m'tauni kupita ku Kabwata, Libala mpaka Chilenje, mumayenda mu Burma Road. Ndani mwa inu anafunsapo kuti Burma ndi kuti? Si mudzi wa kwa Mpezeni ayi. Ndi dziko la kutsidya kwa India, lero amati Myanmar, ndipo kumeneko kuli manda a ana a dziko lino.

Nkhondo ya Hitler itabuka mu 1939, Lusaka anali atangokhala likulu zaka zinayi, ulemuwo atautenga kwa Livingstone mu 1935. Angerezi anatuma mithenga kwa mafumu kuti apereke amuna. Ena anapita okha, msonkho utawapana. Ena mfumu inangowaloza chala, basi ulendo. Ambiri a iwo analowa gulu la Northern Rhodesia Regiment.

Moto woyamba anauona mu Ogasiti 1940 pa Tug Argan, ku Somaliland. Mataliyana anali ochuluka kwambiri. Anyamata athu analimbikira m'mapiri masiku angapo, kenako anabwerera m'mbuyo mpaka kudoko la Berbera. Koma nkhani imene madala sankatopa nayo inali ya ku Burma, kumene anakamenyana ndi Majapani. Mu 1944 anatsika m'chigwa cha Kabaw nthawi ya dzinja. Mvula ya kumeneko, ankatero, siidziwa kukata. Matope ofika m'maondo, misundu yoyamwa magazi mkati mwa nsapato, malungo ogwetsa munthu mfuti ili paphewa. Chakudya chinkachita kuponyedwa ndi ndege. Anthu okulira nsima anaphunzira kukhuta mpunga. Mu Disembala chaka chomwecho anafika pa Kalewa, m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin. Anzawo ena anamenya nkhondo kugombe la Arakan.

Ndiye mukaona asilikali pachipata cha Arakan Barracks, mu Burma Road momwemo, dziwani kumene dzinalo linachokera. Ku Ndola kuli misasa ya asilikali ya Tug Argan ndi Kalewa, ku Kabwe kuli Chindwin, kwathu ku Chipata kuli Gondar, dzina la mzinda wa ku Ethiopia kumene Mataliyana anagonja mu 1941.  

Ine madalawo ndinawaona ndili mnyamata. Ena anali alonda, ena amesenjala, majasi a kunkhondo ali pathupi m'mwezi wa Juni. Ena ankagona m'tinyumba tozungulira taudzu ta ku Kabwata, tomwe totsala take akugulitsiramo ziboliboli lero. Azungu amene anamenya nawo nkhondo imodzi boma linawapezera malo a mafamu. Akuda anabwera ndi mendulo ndi tindalama tosachedwa kutha, chitupa n'kumawafunsabe pamsewu. Kumeneko kunali kulakwa, ndipo sindichita manyazi kunena.

Chaka chilichonse mu Novembala akuluakulu a boma amakaika nkhata zamaluwa pachipilala cha Cenotaph mu Independence Avenue. Maluwawo ndi abwino, koma satchula munthu. Ngati m'banja mwanu munali wopita kunkhondoyo, funsani agogo anu aakazi akadali moyo, mulembe dzina lake, mudzi wake ndi kumene anakafika.