Kuuma ndi Kung'ambika kwa Khungu la M'manja

Kuuma kwa khungu la m'manja ndi vuto lofala m'Zambia makamaka pa nyengo yozizila, kuyambila mwezi wa May kufikila August, pamene mvula imakhala italeka ndipo mphepo imakhala youma. Khungu limayamba kutuwa ndi kuyabwa, kenaka limang'ambika m'zala. Ming'alu imeneyi ndiyo khomo lolowela tizilombo toyambitsa matenda, ndipo ikakula munthu amalephela kugwila khasu, kucapa ngakhale kulemba.

Cimene cimacititsa

Pamwamba pa khungu pali mafuta acilengedwe amene amasunga cinyontho m'thupi. Sopo waufa wocapila zovala, mankhwala oyeletsela monga Jik, palafini ndi madzi otentha kwambili zimacotsa mafuta amenewa. N'cifukwa cake vutoli limagwila kwambili amai ocapa ndi kutsuka mbale tsiku lililonse, anamwino, amakanika ndi ogulitsa nsomba m'misika. Omanga nyumba ali pa ngozi yaikulu cifukwa simenti yonyowa imaocha khungu.

Kusamba m'manja

Mlili wa COVID-19 mu 2020 ndi wa kolela umene unayamba mu October 2023 unacititsa anthu kusamba m'manja pafupipafupi ndi sopo kapena madzi a klolini. Cizolowezi cimeneci cimapulumutsa miyoyo ndipo siciyenela kulekedwa cifukwa ca kuuma kwa khungu. Cofunika ndi kusamba ndi sopo wosambila, osati wocapila, kwa masekondi 20, kutsukuluza bwino ndi kupukuta mosakhula.

Kasamalidwe kake

Mafuta amathandiza kwambili akadzoledwa manja asanaumiletu. Vaseline, imene Robert Chesebrough wa ku America analembetsa mwalamulo mu 1872, imaphimba khungu kuti cinyontho cisatuluke, ndipo ndi yochipa. Glycerine imakokela madzi pakhungu, motelo ndi bwino kuisakaniza ndi madzi pang'ono kapena ndi mafuta ena odzola. Amene manja ao ang'ambika kale angadzole mafuta ambili usiku ndi kugona atavala magolovesi ansalu kapena masokosi oyela.

Pocapa ndi pokanda simenti munthu ayenela kuvala magolovesi amphila, ndi kuwavula thukuta likaculuka mkati. Mafuta onunkhila kwambili amaonjezela kuyabwa. Mafuta oyeletsa khungu naonso ndi oopsa cifukwa ambili ali ndi mankhwala amene amacititsa khungu kukhala lopyapyala.

Nthawi yopita kucipatala

Si kuuma kulikonse kumene kumatha ndi mafuta. Ngati dzanja latupa, latentha, kapena likutuluka mafinya, munthu ayenela kupita kukiliniki mosazengeleza. Ayenelanso kutelo ngati padutsa milungu iwili popanda kusintha. Odwala matenda a shuga afunika kusamala koposa, pakuti zilonda zao zimacedwa kupola.

Kuyabwa kwa pakati pa zala kumene kumakula usiku, ndipo kwagwilanso ena m'nyumba, kawilikawili kumakhala mphele, zimene zimafuna mankhwala a banja lonse. Khungu lakuda ndi losupuka kuseli kwa manja onse awili, pamodzi ndi kutsegula m'mimba, lingakhale cizindikilo ca pellagra, matenda obwela cifukwa ca kusowa kwa vitamini B3 mwa anthu odalila nsima ya cimanga popanda ndiwo zokwanila. Matendawa amacila ndi mankhwala a kucipatala ndiponso zakudya monga nshawa, nyemba, kapenta ndi nyama.